Vani yakale ya positi: musanakopeke ndi penti wofiira, yang'anani kunsi ndi m'mapepala

Galimoto yonyamula makalata ikakalamba imathera kumodzi mwa malo awiri. Mwina imapita kwa ogula zitsulo zakutha, amene amaiphwanya n'kuiika pasikelo, kapena imagwa m'manja mwa munthu wopirira amene amaimasula bawuti ndi bawuti mpaka idzayendenso monga inkayendera kale. Ku Britain, ku America ndi ku Germany anthu a mtundu wachiwiriwu alipo ambiri, ali ndi magulu awoawo, ndipo amadziwa kusiyanitsa vani imene inagwiradi ntchito ya positi ndi ina imene wogulitsa wangoipaka penti wofiira dzana. Kuno kwathu ochita zimenezi ndi owerengeka. Komabe munthu wa ku Zomba amene mtima wake wagwa pa galimoto yotere akhoza kuikwanitsa ntchitoyi, bola adziwe chimene ndalama zake zikugula. Injini imakonzeka, penti amapakidwanso. Zimene zimapha ntchito yonse ndi ziwiri: chasisi yowola ndi mapepala osalongosoka.

Zomba ili ndi mbiri yake pa nkhani ya makalata. Mzindawu unali likulu la dziko mpaka 1975, choncho makalata a boma ochokera m'zigawo zonse ankathera kuno. Galimoto zisanachuluke, matumba a makalata ankasenzedwa ndi amtengatenga oyenda pansi, ndipo mukamapita ku Blantyre pa msewu wa M3 mumadutsa pa Namaka, pamene pali kanyumba kamene ankapumirako ndi kusinthanapo matumbawo. Lero kanyumbako ndi kosungiramo mbiri. Galimoto zitalowa m'malo mwa miyendo, m'misewu ya Nyasaland munadzaza za ku Britain: Morris, Austin, Bedford ndi Land Rover. Peugeot ya ku France, Toyota ndi Datsun za ku Japan zinachuluka pambuyo pake. Nthambi ya positi nayonso inasintha: mu 2000 bungwe limene linkayendetsa za mtokoma ndi lamya pamodzi linagawidwa pawiri, kukhala Malawi Posts Corporation ndi MTL.

Mitundu imene anthu amaisaka

Imene ambiri amaiganizira akamva za vani yakale ya positi ndi Morris Minor. Anajambula kapangidwe kake ndi Alec Issigonis, amene pambuyo pake anajambulanso ka Mini. Inatuluka mu 1948, ndipo ya mtundu wa vani inayamba mu 1953 n'kupangidwabe mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Positi ya ku Britain, imene nthawiyo inkatchedwa General Post Office, inagula mavani amenewa oposa 50,000. Onyamula makalata anali ofiira, a anthu okonza lamya anali obiriwira, kenaka anadzakhala achikasu. Sanali ofanana ndi amene ankagulitsidwa kwa anthu wamba. Oyambirira anali ndi madigadi akutsogolo a labala, kuti dalaivala akakhula khoma potembenuka pamalo opanikiza pasakhale chowongola. Kuseri kwa dalaivala kunali sefa wa waya wotchinga makalata, zitseko zinali ndi maloko olimba, ndipo mpando wa wokwera naye nthawi zambiri kunalibe. Boma silinkagulira wantchito wake galimoto yoti asangalalemo.

Kwa wokonza, ubwino waukulu wa vani ya Morris ndi woti ili ndi chasisi yakeyake, chimango chachitsulo chimene bodi imakhalapo, pamene Morris Minor yonyamula anthu bodi ndi chimango n'chimodzi. Mukhoza kumasula bodi, kuikweza, n'kukonza chimangocho poyera. Injini yake ndi ya banja la A-series, imene inayamba ndi 803cc, kenaka 948cc, kenaka 1098cc, ndipo banja limeneli linapangidwabe mpaka chaka cha 2000 m'galimoto za Mini. N'chifukwa chake zipangizo zake zikupangidwabe zatsopano ku Britain mpaka lero.

Positi yomweyo inagwiritsanso ntchito Morris J-type, kenaka Leyland Sherpa imene inatuluka mu 1974, ya zitseko zokokera chammbali, yomwe mbadwa zake zinadzatchedwa LDV kampaniyo isanagwe mu 2009. Kumapiri a ku Scotland ankatumizako Land Rover.

Ku America nkhani ndi ina. Iwo amayenda kumanja kwa msewu, koma galimoto zawo za positi zili ndi chiwongolero kumanja, kuti wopereka makalata azingotambasula dzanja n'kuponya kalata m'bokosi la m'mphepete mwa msewu osatsika. Ndiye kuti Jeep DJ-5, imene inapangidwa mpaka 1984, chiwongolero chake chili mbali yoyenera misewu yathu. Musanyengeke ndi dzina la Jeep: imakoka ndi matayala akumbuyo okha, ndipo m'matope a msewu wa ku Kachulu nthawi ya dzinja ingakuchititseni manyazi. Inalowedwa m'malo ndi Grumman LLV, yopangidwa kuyambira 1987 mpaka 1994, zoposa 140,000, ya bodi ya aluminiyamu pa chasisi ya Chevrolet S-10. Imeneyi siigulitsidwa kawirikawiri kwa anthu wamba, ndipo yatchuka ndi kupsa moto itakalamba. Ku Germany kunali Volkswagen Fridolin, yopangidwa kuyambira 1964 mpaka 1974, zikwi zochepa chabe, ndipo zambiri zinadyedwa ndi dzimbiri. Ku France kunali Renault 4 yachikasu. Ziwirizi chiwongolero chili kumanzere, ndipo aliyense amene anayesapo kupitirira lole pa msewu wa Thondwe akudziwa kuti kuona kutsogolo si nkhani yamasewera.

Ndiye pali tivani tofiira ta positi ya ku Japan, monga Subaru Sambar, Suzuki Every ndi Daihatsu Hijet, ta injini ya 660cc. Okonda galimoto zakale kwambiri amatinyoza kuti ndi tatsopano. Ine ndimaona kuti kwa munthu woyamba kumene, wa thumba lochepa, ndi poyambira pabwino, chifukwa amakaniko athu anazizolowera galimoto za ku Japan. Amene akufuna zakale zenizeni asankhe pakati pa Morris Minor ndi Land Rover. Fridolin ndi LLV muzingoziona pa YouTube.

Ntchito ya positi imaitha galimoto mwa njira yakeyake

Galimoto ya positi siyenda ngati ya munthu wopita ku Lilongwe. Imayenda mamita ochepa, kuima, kuzima, kulizanso, tsiku lonse, chaka ndi chaka. Choncho nambala imene ili pa geji ya mtunda imanama ngakhale palibe anaibweza. Ikhoza kuonetsa mtunda wochepa pamene sitata yalizidwa kambirimbiri, kilatchi yapondedwa mosawerengeka, giya yoyamba ndi yachiwiri zadyeka, mahinjesi a chitseko cha dalaivala alenda, mpando wabooka mbali yotsikira. Injini imene imayenda timaulendo tatifupi sitentha mokwanira, ndiye chinyezi chimatsalira mu oyilo n'kupanga phala lakuda m'kati. Kumbukiraninso kuti geji ya galimoto za ku Britain ndi America imawerenga mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi pafupifupi makilomita 1.6. Yakale ya manambala asanu ikafika 99,999 imayambiranso pa ziro.

Mbali yabwino ndi yoti mabungwe a positi anali ndi magalaja awo, ndipo galimoto inkalowa sevisi pa nthawi yake, osadikira kuti ife kaye. Koma izi zimabweretsa chinthu chimene chimadabwitsa ogula. M'magalaja otere injini ikatopa ankangoizula n'kuikamo ina yokonzedwa kale, kuti vani ibwerere pamsewu mawa. Mukapeza kuti nambala ya injini siyofanana ndi imene inatuluka nayo kufakitale, sindiye kuti mwaberedwa. Chofunika n'chakuti nambala imene ili pa injini lero ndi imene yalembedwa m'mapepala.

Kumene mungaipeze, ndi nkhani ya mapepala

Njira yoyamba ndi ya konkuno. Galimoto za boma, za nambala ya MG, ndi za mabungwe a boma zikatha ntchito zimagulitsidwa pa okushoni kapena pa tenda, motsata lamulo loyendetsa kagulidwe ndi kagulitsidwe ka katundu wa boma. Zilengezo zake zimatuluka m'nyuzipepala. Pa okushoni mumagula monga ilili: palibe kubweza, ndipo nthawi zambiri sakulolani kuiliza. Pitani tsiku loonera katundu, mutenge makaniko, tochi ndi chovala choti mugone nacho pansi. Sungani risiti ndi kalata ya bungwe logulitsa, chifukwa ndi zimene zidzakuthandizeni posintha umwini, komanso ndi umboni woti galimotoyo inagwiradi ntchito imene mukunena.

Zina zili kuseri kwa nyumba za anthu, pa njerwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Apa m'pamene pamafunika kudekha. Galimoto zambiri zotere mwini wake anamwalira, ndipo amene akukugulitsani ndi mwana mmodzi mwa asanu ndi awiri, kapena malume amene akuti ndiwo akuyang'anira zonse. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna kuti wogulitsa katundu wa womwalira akhale ndi chilolezo choyendetsa chumacho. Popanda chimenecho mukhoza kuthira mamiliyoni m'galimoto, itayamba kunyezimira n'kutulukira wachibale wochokera ku Joni ndi samani ya kukhoti. Funsani blue book. Yerekezani nambala ya chasisi yolembedwamo ndi imene inadindidwa pachitsulo, ndi maso anu, mutapala dothi. Ngati pamalo a nambalayo pakuoneka kuti panawotchereredwa kapena kupalidwa ndi chopukusira, tsanzikani mwaulemu. Musanalipire, pitani limodzi ndi wogulitsayo ku Road Traffic mukaone ngati galimotoyo ikupezeka mu MalTIS, kaundula wawo wa pakompyuta, ndiponso pa dzina la ndani, ndipo apolisi atsimikize kuti si yobedwa. Imene yakhala pansi zaka 20 mwina simupezeka n'komwe m'kompyuta, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi ndalama zikadali m'thumba.

Pali msampha wina umene ambiri saudziwa. Galimoto imene inalowa m'dziko mosalipira msonkho, monga za mishoni kapena za mabungwe othandiza anthu, ikamagulitsidwa kwa munthu wamba a MRA akhoza kufuna msonkho wawo. Funsani msanga kuti ngongole imeneyo ndi ya ndani.

Njira yachiwiri ndi kuitanitsa kunja. Za ku Japan zambiri zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Za ku Britain ndi South Africa zikhoza kudzera ku Durban kapena ku Beira n'kulowera pa Mwanza. Vani ya zaka 60 si yoti mnyamata aiyendetse kuchokera kudoko mpaka ku Matawale. Iyenera kubwera m'kontena kapena pamsana pa lole, ndipo mtengo umenewo nthawi zina umaposa wa galimotoyo. Msonkho wa MRA umayang'ana mtengo, zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, ndipo kukalamba sikuchepetsa msonkho monga ambiri amaganizira. Pezani wothandiza kuombola katundu wovomerezeka akuwerengereni musanatumize ngakhale tambala.

Pa za ku Britain dziwani zinthu ziwiri. Nthawi yozizira amathira mchere m'misewu kuti chipale chisungunuke, ndipo mchere umadya chitsulo kunsi kwa galimoto. Chinanso, kuyambira 2018 galimoto zambiri zoposa zaka 40 sizikakamizidwa kupimidwa chaka ndi chaka kumeneko. Ndiye wogulitsa akati ikuyenda pamsewu mwalamulo, sizitanthauza kuti pali katswiri anaiyang'anapo kunsi. Muuzeni akujambulireni chasisi galimoto itakwezedwa, osati zithunzi zojambula pa kapinga dzuwa likulowa. Pofuna kutsimikiza kuti inalidi ya positi, kuli gulu la Post Office Vehicle Club limene limasunga mbiri ya galimotozi, ndipo British Motor Museum ya ku Gaydon imapereka chikalata cha mbiri ya galimoto zimene mabuku ake a kufakitale anasungidwa.

Dzimbiri

Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Vani yopakidwa kumene penti ndi yofunika kuikayikira kuposa yosuluka, chifukwa yosulukayo sikubisa kanthu. Tengani maginito, muwayendetse m'munsi mwa zitseko, m'mphepete mwa madigadi ndi m'makona a kumbuyo. Pamene sakugwira pali fila, phala lomatira bodi, ndipo pansi pa fila wokhuthala nthawi zambiri pali bowo. Kenaka lowani kunsi ndi sikuludiraiva, mubaye chasisi mosanyengerera, makamaka pamene masipuling'i akumbuyo amamangirira, pa chitsulo chopingasa cha pakati, ndi pansi pa mapazi a dalaivala, pamene nsapato zonyowa za wopereka makalata zinkaponda tsiku lililonse. Chitsulo chabwino chimalira mukachigogoda. Chowola chimangoti phu, n'kugwetsa fumbi lofiira m'maso mwanu.

Land Rover imapusitsa anthu pa nkhani imeneyi. Bodi yake ndi ya aluminiyamu, sichita dzimbiri lofiira, ndiye kunja imaoneka yathanzi. Koma chasisi ndi khoma lachitsulo la pakati pa injini ndi dalaivala ndi zachitsulo wamba, ndipo zimawola mwakachetechete. Pamene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo pali chinyezi pamatuluka ufa woyera, chizindikiro choti aluminiyamuyo akudyeka.

Nyengo ya Zomba siithandiza. Pansi pa phiri pano mvula imagwa yambiri kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo ngakhale m'miyezi yozizira chiperoni chimanyowetsa zinthu. Galimoto yoimikidwa pa udzu pansi pa mtengo wa mango imawola kuchokera pansi ndi pamwamba nthawi imodzi: chinyezi cha m'nthaka kunsi, masamba otseka ngalande za madzi kumwamba. Kuifunditsa lona mpaka pansi n'koipa kuposa kuisiya pamtetete, chifukwa lonayo amasunga thukuta. Musanagule vani, pezani kaye denga ndi simenti poimikapo. Ngati inamizidwapo ndi madzi osefukira, monga zinachitikira galimoto zambiri m'chigawo cha kummwera nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, matope amakhala atalowa m'kati mwa chasisi momwe simungawaone.

Kukonza dzimbiri kuli ndi lamulo limodzi: chowola chidulidwe, pawotchereredwe chitsulo chatsopano. Kumata chigamba pamwamba pa dzimbiri ndi kungolibisa. Vuto lathu ndi lakuti owotcherera ambiri amene timawaona m'misika ndi akatswiri a mageti, mafelemu a mawindo ndi mabedi, ndipo makina awo a ndodo amaboola lata la galimoto, limene kukhuthala kwake ndi pafupifupi milimita imodzi. Pamafunika wowotcherera ndi gasi kapena makina a MIG, munthu wodziwa kulumikiza pang'onopang'ono kuti lata lisapindike ndi kutentha. Mufunseni akuonetseni ntchito imene anagwirapo kale, makamaka kuseri kwake. Asanadule mbali yaikulu ya pansi, bodi iyenera kuchirikizidwa ndi zitsulo zopingasa, apo ayi ikatha ntchito zitseko sizidzatsekekanso. Ndipo mugwirizane malipiro a gawo ndi gawo. Kupereka zonse patsogolo, galimoto yanu imasanduka mosungiramo zitsulo za ena, ndipo mlandu wonse umagwera magetsi.

Injini, petulo wathu ndi mabuleki

Injini imene yakhala zaka osalira musaithamangire ndi batire latsopano. Masulani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'masilinda, dikirani masiku angapo, kenaka muizungulitse ndi dzanja. Morris Minor ndi Land Rover zakale zili ndi hendulo yopukusira kutsogolo, imene imathandiza kwambiri pamenepa. Ikazungulira, sinthani oyilo, tsukani thanki ndi kabureta, ndiye muyese. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka akusonyeza kuti madzi alowa, mwina gasiketi yapsa kapena hedi yang'aluka. Makaniko wabwino apime mphamvu ya silinda iliyonse asananene zoti injini itsitsidwe. Zambiri mwa injini zimenezi ndi zosavuta: palibe kompyuta, ndipo bambo wachikulire amene anaphunzira ntchito m'magalaja a boma kalekale amaidziwa ndi khutu. Anthu otere akutha. Mukampeza, musamunyoze pa mtengo.

Chimene ambiri amaiwala ndi petulo. Injini zimenezi zinapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, umene unkateteza pamene mavavu amakhala mu hedi. Petulo wotere analeka kugulitsidwa m'mayiko a kuno pofika kuchiyambi kwa 2006. Injini ya hedi yachitsulo ikamayenda maulendo ataliatali mothamanga pa petulo wa lero, mavavu amamira pang'onopang'ono. Mankhwala ake ndi kuika timipando tolimba ta mavavu nthawi imene hedi yatsitsidwa, ntchito ya kumakina osula zitsulo. Kuwonjezera apo, petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe. Fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga mu 1982, ndipo ina ya PressCane ili ku Chikwawa. Galimoto za masiku ano sizidandaula nazo. Koma ethanol amafewetsa ndi kung'ambula mapaipi a labala akale, amadya tizipangizo ta labala ta mu pampu ndi mu kabureta, ndiponso amakoka chinyezi. Vani imene imangotuluka Lamlungu lokha, thanki ili theka, imasonkhanitsa madzi pansi pa thanki. Sinthani mapaipi onse a petulo ndi amakono opirira ethanol musanayende ulendo woyamba. Paipi yodontha pamwamba pa ekizozi yotentha ndi imene imatha ntchito ya zaka ziwiri m'mphindi khumi.

Pa zamagetsi chenjerani ndi kalumikizidwe ka batire. Galimoto zambiri za ku Britain za m'ma 1950 ndi 1960 waya wa pozitivi ndi umene unkapita ku bodi, mosiyana ndi za lero. Mnyamata wozolowera Sienta akalumikiza mwachizolowezi, kapena mukaikamo wailesi ndi chotchajira foni, chinachake chipsa. Ambiri amatembenuza kalumikizidweko n'kuchotsa dayinamo kuikapo alitaneta, ndipo ine sindiona cholakwa. Mawaya akale, amene makoswe alawapo kale, ndi bwino kuwasintha onse.

Mabuleki ndiwo osanyengerera. Morris Minor ili ndi mabuleki a madiramu matayala onse anayi, opanda chothandizira phazi, ndipo onse amadalira paipi ya njira imodzi: pakaphulika pamodzi, onse apita. Masilinda, mapaipi a labala ndi mafuta a mabuleki zisinthidwe zonse, osayang'ana kuti zikuoneka bwanji. Kutsogolo kuli chitsulo choimirira chimene tayala limakhoterapo, cha mazinga ngati a bawuti kumwamba ndi kunsi. Chikasowa girizi mazingawo amadyeka, ndipo tsiku lina tayala limangopindikira m'kati. Matayala nawo amakalamba ngakhale mapanga ake ali bwinobwino. Manambala anayi a m'mbali mwa tayala amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Aliyense amene wakonza vani ku Zomba adzafuna kukwera nayo ku Ku Chawe akaijambule. Kukwera idzakwera, pa giya yachiwiri, geji ya kutentha mukuiyang'ana. Koopsa ndi kutsika, chifukwa madiramu akatentha amaleka kugwira. Tsikani pa giya yaing'ono, injini ikuthandizeni, ndipo ulendo umenewu ukhale womaliza pa mayeso anu, osati woyamba.

Zipangizo ndi ndalama zakunja

Pafupifupi chilichonse cha Morris Minor ndi Land Rover chikupezeka chatsopano ku Britain, ndipo zambiri za Land Rover zili ku South Africa. Vuto si kupezeka koma kulipira. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki. Amene amaitanitsa kachipangizo kamodzikamodzi amalipira zotumizira ndi msonkho kambirimbiri. Masulani galimoto yonse kaye, jambulani chilichonse ndi foni musanachichotse, ikani mabawuti m'timatumba tolembedwa, ndiye mulembe zonse zofunika n'kuitanitsa kamodzi. Mabering'i, masili, malamba ndi mapulagi nthawi zambiri ali ndi ofanana nawo m'masitolo a ku Limbe ngati mwatenga chakalecho kukayerekeza, ndipo ku Ndirande munthu wakhama amatola zodabwitsa. Musaiwale masipanala. Mabawuti a galimoto zimenezi ndi a muyeso wa mainchesi, ena a Whitworth, ndipo sipanala ya mamilimita imangowabulungiza mitu.

Apa m'pamene muyenera kusankha chimene mukufuna. Ngati cholinga ndi kusunga mbiri, chilichonse chibwerere monga chinalili, ngakhale sefa wa waya ndi maloko aja, chifukwa mtengo wa vani ya positi uli m'tinthu timeneti. Ngati mukufuna yogwira ntchito, yogulitsiramo khofi kapena mabulosi a kuphiri kwa alendo, yonyamula buledi kapena yojambulitsira maukwati, palibe tchimo kuikamo injini ya Nissan 1400, imene inapangidwa ku South Africa mpaka 2008, ndi mabuleki amakono kutsogolo. Chokhacho, musadule chasisi, sungani injini yakaleyo pouma, ndipo kusinthako kukalembedwe ku Road Traffic. Choipa ndi kukhala pakatikati: kuwononga zachikale, koma osapeza galimoto yodalirika.

Penti ndi womaliza, ndipo nyengo yake ndi yachilimwe, m'chipinda chotsekedwa chothiridwa madzi pansi kuti fumbi lisauluke. Kupopera tsiku la chiperoni penti amachita mbuu. Za zizindikiro samalani. Korona ndi dzina la Royal Mail zili ndi eni ake, chimodzimodzi chizindikiro cha Malawi Posts Corporation, ndipo kuyenda nacho pamsewu popanda chilolezo kungaoneke ngati mukudzitcha wantchito wawo. Alembereni kalata kupempha, kapena pangani zikwangwani zomata ndi maginito zoika pa chionetsero pokha. Mukaganiza zoyamba kunyamula maphukusi a anthu molipiritsa, imeneyo ndi bizinesi yofuna laisensi ya MACRA.

Ikatha, iyenera kupimidwa kuti ipeze COF ngati galimoto ina iliyonse, ndipo inshuwalansi ndi yokakamiza. Yotsika mtengo ija imalipira amene mwamugunda, osati vani yanu. Mukafuna yoteteza galimotoyo, kambiranani ndi kampaniyo mtengo wake molemba, muwaonetse malisiti ndi zithunzi za ntchito yonse, chifukwa mukapanda kutero tsiku la ngozi adzaiwerengera ngati galimoto wamba ya zaka 60.